Nambala ya Bokosi la Amalume

Ine ndimati ndinasiya koleji. Koleji imati inandichotsa. Nkhani imeneyi sitinagwirizanebe mpaka lero, koma chimene tonse timavomereza n'chakuti ndinatuluka pageti ndi sutikesi chaka chachiwiri chisanathe, m'mutu muli theka la maphunziro a zamagetsi. Theka limenelo ndinapita nalo kwathu kwa Nsamala, kumene kunalibe magetsi, ndipo kwa miyezi ingapo linandithandiza kukonza mawailesi awiri ndi kuwononga imodzi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, chakumapeto kwake, ngakhale panalibe amene anatiuza kuti ndi kumapeto.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi anga, anali kapitawo wa sikelo pa fakitale ina yochotsa njere m'thonje kufupi ndi Balaka. Sikelo yake si ija ya m'golosale ayi. Chinali chitsulo chachikulu choyala pansi, chimene lole yathunthu inkakwerapo ndi katundu wake yemwe. Amalume anagwira pamenepo zaka zambiri, moti ankayenda ngati munthu wodziwa kulemera kwa aliyense. Tsiku lina Lamulungu atatuluka ku Misa anapalasa njinga mpaka kwathu, anakhala pampando, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, kompyuta umaidziwa?"

Ndinali nditaionapo. Ku koleji zinalipo zingapo m'chipinda chozizira, ndipo ife a chaka chachiwiri ankatilowetsamo Lachitatu masana, titavula nsapato. Ndinayankha kuti ndimaidziwa.

"Basi. Mawa uvale tayi."

Lolemba m'mawa, ndili pakaliyala ya njinga yawo, ndi pamene ndinamva nkhani yonse. Eni fakitale anali atagula mabokosi awiri kunja, mabokosi oyendetsa makina. Lina analipachika m'kanyumba ka sikelo kuti lizimva kulemera kwa malole. Linalo analipachika kuchipinda cha makina otsindira thonje, kuti liziyendetsa makinawo ndi kuwerenga mabelo otuluka. Waya mmodzi wotuwa ankachoka ku bokosi la sikelo, n'kudzera ku bokosi la makina, n'kukathera kumbuyo kwa kompyuta ya muofesi ya bwana manijala. Cholinga chinali chakuti bwana azingokhala pampando n'kumaona zonse pagalasi, osatuluka thukuta.

Mzungu amene anabwera kudzalumikiza zonsezi anagwira ntchito yonse kupatula yomaliza. Tsiku lina kunabwera galimoto ndi anthu awiri ovala masuti, anamunong'oneza mawu, ndipo iye anasiya tiyi wake patebulo. Anthu anangomva kuti anakwera ndege. Chifukwa chake panalibe anafunsa. Masiku amenewo mafunso otere ankafunsa ndi anthu otopa ndi kwawo. Anasiya buku lonenepa la Chingerezi, kachipangizo ka mabatani kooneka ngati kalikuleta yodya bwino, ndi mabokosi awiri amene ankagwira ntchito lililonse palokha koma osayankhula ndi ofesi.

"Ndawauza bwana kuti mphwanga ndi injiniya," anatero amalume tikutsetsereka cha ku Rivirivi. "Zoti sunamalize zija n'zathu za m'banja."

Bwana manijala anali munthu wamng'ono pa msinkhu poyerekeza ndi amalume, wa magalasi ndi mpango wopukutira m'khosi. Anandiyang'ana tayi, anandiyang'ana nsapato, kenako anatembenukira kwa amalume.

"A Kapitawo, Lachisanu teni koloko kukubwera akuluakulu ochokera ku Blantyre pamodzi ndi a tcheyamani a chipani, kudzatsegulira nyengo ya thonje ndi kudzaona makina atsopanowa. Ine ndimafuna kuitanitsa munthu wa ku Blantyre komweko, inu mwati iyayi, alipo wathu. Chabwino. Pofika Lachisanu galasi ili likapanda kulemba, mudzatengane nonse awiri. Njinga ndi imodzi yomweyo."

Amalume anaseka. Inenso ndinaseka, mochedwerapo. Titatuluka anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Kwatsala zaka ziwiri kuti ndipume ndi ulemu wanga. Nyumba imene tikukhala ndi azakhali ako ndi ya fakitale. Wamva?"

Ndinali nditamva.

Buku ndinakaliwerengera pansi pa mtengo wa bwemba. Ndilongosole zimene ndinatolamo, chifukwa zinali zochepa ndipo ndimazikumbukirabe zonse. Kunsi kwa bokosi lililonse kunali timabowo tiwiri ta mapini, timene bukulo linkati makomo. Khomo loyamba linali lolumikizirapo kachipangizo ka mabatani kaja. Lachiwiri linali la waya wotuwa, ndipo linali lotseka. Kulitsegula kwake sikunali kwa kiyi, kunali kwa mawu. Umayenera kulembera bokosilo malamulo, mzere umodzi umodzi: khomo liti, liziyankhula pa liwiro lanji, lizitsimikiza bwanji kuti mawu afika athunthu, ndipo bokosilo lizidziwika ndi nambala yanji. Lamulo lililonse linali liwu la Chingerezi loduka mchira, mpata, nambala, kenako batani lalikulu. Bokosi likavomera linkalemba zilembo ziwiri. Likakana, zitatu. Silinkamva kupepesa, silinkamvanso kukalipa. Zonse ziwiri ndinayesa.

Ndinayamba ndi mzere wa nambala, chifukwa ndi wokhawo umene ndinaumvetsa kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Bukulo linati ukhoza kusankha iliyonse kuyambira 1 mpaka 31. Ine ndinaitenga ngati nambala ija amalemba ndi penti pa madesiki a kusukulu, yongothandiza owerenga katundu. Popeza lole imayamba kufika pa sikelo, bokosi la amalume ndinalipatsa wani, la makina ndinalipatsa thu.

Chimene sindinaganizire n'chakuti pankhope ya bokosi lililonse panali kawindo kakang'ono, ndipo nambalayo inkawala pamenepo mofiira, yooneka uli pakhomo.

Mwini chipinda cha makina anali a Mekaniko, bambo wachikulire wa ku Ulongwe, wa kofiya yoyera imene girisi sinkaikhudza ngakhale thupi lonse litada. Anabwera pafakitalepo pakadali tchire. Ankayankhula Chichewa akafuna kuti umve, Chiyao akafuna kuti uganize. Iwo ndi amalume ankapatsana moni waulemu tsiku lililonse, ndipo kwa zaka zonsezo aliyense ankadziwa mumtima mwake kuti bwana akachokapo wamkulu pamalopo ndi iyeyo.

Anaima kumbuyo kwanga ndikukulunga waya wa kachipangizo kanga.

"Mwanangu, chofiiracho n'chiyani?"

"Ndi nambala chabe, ambuje."

"Nambala chabe. Nanga uko kwa amalume ako mwalemba chiyani?"

"Wani."

Anapukuta manja ndi nsanza, chala chimodzi chimodzi.

"Lole ikakwera pa sikelo paja, thonje limasanduka belo?"

"Iyayi, ambuje."

"Amalisandutsa belo ndani?"

"Makinawa."

"Makinawa ndi a ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ine pamene ndinkamanga makina awa, amalume ako ankayeza mtedza ndi chitini kumsika. Ngwamba, mwanangu, iyayi. Chotsa."

Ndinachotsa. Ndinawapatsa wani, n'kupita kukaika thu kwa amalume, ndikuganiza kuti wachibale amamvetsa. Amalume anadikira mpaka nambala itawala.

"Iwe, njinga wakwera m'mawa uja ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, amalume."

"Ndiye ndakakutenga kumudzi, ndakupalasa mtunda wonse uja ndi mawondo anga awa, kuti udzandiike pambuyo pa munthu wa girisi?"

Ndinabwezera wani. Kwa a Mekaniko sindinabwerereko. Madzulo a tsiku limenelo mabokosi onse awiri ankawala wani, akuluakulu onse awiri anaweruka akumwetulira, ndipo ine ndinaona kuti ndathetsa mkangano wa zaka zambirimbiri ndi mabatani anayi. Ndinadabwa kuti koleji inalimba mtima bwanji kutaya munthu ngati ine.

Lachiwiri ndinalowa m'nkhani ya liwiro. Pa bokosi la sikelo ndinalemba lamulo losintha liwiro la khomo, koma m'malo molemba khomo lachiwiri ndinalemba loyamba, lomwe ineyo ndinkayankhulira nalo. Bokosi linavomera ndi zilembo ziwiri, ndipo awo anali mawu ake omaliza kwa ine. Ndinali nditadzitsekera kunja ndekha, kiyi ali m'kati. Amalume anali chiimire pambali panga.

"Latani?"

"Likuganiza."

Linaganiza maola awiri. Ine ndinkangosintha liwiro la kachipangizo kanga, ili ndiyese, ilo ndiyese, ngati munthu wosaka siteshoni pa wailesi yopanda singano, mpaka mwangozi tinakumananso. Thukuta linafika mpaka kunsonga ya tayi.

Mwayi unandipeza muofesi. Nditagwada kufuna kuona kumene waya wotuwa walowera, ndinapeza kapepala komata kunsi kwa kompyuta, kolembedwa ndi dzanja la mzungu uja: 9600, ndi tizilembo tina tiwiri titatu. Ndinakakopera m'manja ndi bolopeni, ndinathamanga kukalembera mabokosi onse awiri, pa khomo lachiwiri ulendo uno. Onse anavomera. Tinaimika thirakitala pa sikelo kuti pakhale choyeza, ndipo ndinalowa muofesi ndikuyenda ngati amalume.

Pagalasi panali mizere iwiri, wa sikelo ndi wa mabelo. Mzere wa mabelo unali mbuu, wopanda kanthu. Mzere wa sikelo unkalemba, inde, koma osati manambala. Unkalemba timitima, tinkhope tomwetulira, timivi toloza uku ndi uku, ndi zilembo zina zimene sindinazionenso kwina kulikonse.

"Ikuti chiyani?" anafunsa bwana.

"Ikukonzekera, bwana."

Pachipinda chodikirira, pakhomo la ofesiyo, pankakhala amayi a pa telefoni. Ntchito yawo inali kutaipa makalata ndi kulumikiza mafoni pa bolodi la timabowo. Anali mayi wa magalasi otsikira pamphuno, ndipo ankanditcha a Injiniya ndi mawu amene ankandipangitsa kufuna kuvula tayi.

"A Injiniya, makina anu ayamba kulemba makalata achikondi?"

Masana a tsiku lomwelo, dzuwa litangopendeka, bwana atapita kukadya, ndinali nditatsamira khoma ndikutafuna chinangwa chootcha. Nditaponya maso pagalasi, timitima tonse tinali titachoka. Panali nambala, yoyera bwino, kulemera kwa thirakitala, yofanana ndendende ndi imene inali kukanyumba ka sikelo. Ndinathamangira kunyumba kwa bwana, ndinawadzutsa pa chakudya. Pamene tinkafika muofesi, timitima tinali titabwerera, tinkhope tikutimwetulira.

Monga munthu wa sayansi, ndinabwereza zonse zimene ndinkachita pamene zinatheka. Ndinatsamira khoma lomwelo. Ndinagula chinangwa china. Palibe.

Lachitatu ndinasinthanitsa timawaya tiwiri ta m'kati mwa waya wotuwa, kenako ndinatibwezera. Ndinatsitsa liwiro, ndinalikweza. Lamulo lotsimikizira mawu lija linali ndi njira zitatu, ndipo ndinaziyesa zonse, ina kawiri chifukwa ndinaiwala kuti ndaiyesa kale. Ndinalondola waya kuchokera ku sikelo mpaka kuofesi ndikukwawa, kufuna pamene khoswe analuma, ndipo ndinapeza makoswe ambiri koma onse osalakwa. Masana, nthawi yomwe ija, nambala ya thirakitala inatulukanso. Inakhala mwina theka la ola. Ulendo uno bwana anaiona ndi maso awo, asanameze n'komwe malovu inasanduka timitima.

Anayamba kuzindikira ndi onyamula mabelo, anthu amene ankakhala pamthunzi kudikira nyengo. Iwo anati galasi limalemba pa nthawi imene a Mekaniko apita kukaswali. Zinali zoona. Dzuwa likapendeka a Mekaniko ankakhoma chipinda chawo ndi loko, kusamba pampopi, n'kukayala mkeka kuseri kwa nyumba yosungira mabelo. Akangopinda mkeka n'kutsegula loko, muofesi timitima.

Amalume anandiitanira kuseri kwa sikelo.

"Akachoka chikugwira, akabwera chikufa. Ukufunanso umboni wanji? Munthu uja ali ndi zimene waika m'makinamo."

Patangopita kanthawi a Mekaniko anandikodola.

"Ndikamaswali chikugwira, ndikasiya chikufa. Mukufunanso umboni wanji? Uwauze amalume ako aziganizira za moyo wawo."

Umboni unali umodzi womwewo, ndipo kunena zoona onse awiri ndinawamvera. Inenso ndinali ndi maganizo anga, a munthu wophunzira: ndinati dzuwa la masana likutenthetsa waya, waya akufutukuka n'kugundana bwino penapake. Choncho Lachinayi m'mawa ndinatenthetsa madzi n'kuthira pa paipi imene wayayo ankadutsamo, kuti masana afike msanga. Sanafike. Amalume anabwera ndi kabotolo ka madzi odalitsa a kutchalitchi, ndipo tinakangana mwaulemu mpaka anavomera kuwaza pa mphuthu ya chitseko m'malo mwa pabokosi penipeni.

Bwana nawo anali ataganiza usiku wawo. Anaitanitsa a Mekaniko muofesi, ine ndili pomwepo.

"Bambo, sindikunena kuti ndikukhulupirira kapena sindikukhulupirira. Koma mawa alendo akufika teni koloko. Kodi swala yanuyo singayambe chakum'mawa pang'ono, n'kutalikirapo?"

A Mekaniko anawayang'ana nthawi yaitali.

"Bwana, nthawi imeneyo saikonza ku Blantyre."

Komanso ngakhale akanavomera, mzere wa mabelo unali usanalembepo kanthu chiyambire, masana kapena m'mawa. Bwana atatsala ndi ine anapukuta m'khosi n'kunena mofatsa kuti amalume ayambe kuganizira za kumene akaike katundu wawo.

Masana a Lachinayi limenelo sindinalowe n'komwe muofesi kukaona nambala ija ikutuluka. Ndinakhala pa benchi ya pachipinda chodikirira, buku lili pamwendo, ndikuwerenga m'mutu mipando ya azakhali ndi kuganiza kuti ingakwane ngolo zingati. Amayi a pa telefoni ankamenya ketulo yawo ndi chikhatho.

"A Injiniya, poti mabokosi akukanikani, bwanji mungondikonzera soketi iyi? Mwina mungasiye dzina labwino."

"Yatani?"

"Nthawi ino tsiku lililonse imafa. Munthu sungamwe tiyi."

"Tsiku lililonse?"

"Ee. A Mekaniko akamapita koswali amazimitsa magetsi a mbali yawo yonse. Anayamba kalekale, munthu wina atadulidwa zala ndi lamba iwo kulibe. Ndiye soketi yangayi anailumikiza ku waya wawo."

Chipinda cha makina chija chinkakhala chokhoma nthawi imeneyo, ndiye sindinaonepo kuti kawindo kofiira kamazima.

"Ndiye kuti bokosi lawo limazima," ndinatero, ndikudziyankhulira. "Likazima, la amalume limayankhula bwinobwino."

"Nanga likayaka?"

"Timitima."

"Kompyutayo ikafuna kuyankhula ndi bokosi imaliitana bwanji? Paja waya ndi mmodzi."

"Ndi nambala, ndikuganiza."

"Nambala zake ziti?"

"La amalume ndi wani."

"Linalo?"

"Wani."

Anatsitsa magalasi mpaka kunsonga ya mphuno. Anadikira mpaka ketulo itayamba kulira, kusonyeza kuti a Mekaniko abwerera, kenako anatsegula windo loyang'ana pabwalo n'kufuula.

"Akuluakulu a pano, bwana akufuna kudziwa ngati zonse zakonzeka!"

Amalume anatulukira pakhomo la sikelo, a Mekaniko pakhomo la makina, ndipo onse awiri anayamba kuyankha nthawi imodzi, aliyense akukweza mawu kuti apose mnzake. Amayi aja anatseka windo.

"Mwamva chiyani, a Injiniya?"

"Phokoso."

"Timitima tanu ndi timeneto. Pa bolodi langa ili palibe manambala awiri ofanana. Ine ku koleji sindinapiteko, n'chifukwa chake sanandichotse."

Mmene anadziwira za kuchotsedwako sindinafunse. Mafoni onse ankadzera kwa iwo.

Ndinatsegula buku. Zinalembedwamo, pa tsamba lotsatana ndi lija la manambala, ndi zilembo zakuda bii: mabokosi awiri pa waya mmodzi asakhale ndi nambala yofanana. Tsambalo ndinalidumpha Lolemba chifukwa pamwamba pake panali chizindikiro cha ngozi, ndipo ndinaganiza kuti akunena za kugwidwa ndi magetsi, zimene ndinali nditaphunzira kale m'theka langa lija.

Ndinkaganiza kuti kudziwa vuto ndiko kuthetsa. Ndinapita kwa amalume ndi buku lotsegula, ndinawalongosolera zonse, ndinawakumbutsa za nyumba.

"Ndamva," anatero. "Kamuuze iyeyo atenge thu."

Ndinapita kwa a Mekaniko.

"Ndamva, mwanangu. Nyumba ikufuna kupita ndi ya amalume ako. Atenge thu ndi iwowo."

Kusintha mobisa sikukanatheka. Nambala inkawala, ndipo aliyense wa iwo ankayamba ndi kuyang'ana kawindo kake asanavule n'komwe jekete. A Mekaniko akanapeza thu Lachisanu m'mawa akanazimitsa mbali yawo yonse alendo ali pageti. Amalume akanapeza thu, sindikudziwa, mwina akanasankha ngolo. Ndinapita kwa bwana kuti alamule.

"Aaa, iyayi," anatero bwana, akukweza manja. "Anthu aja ndi a msinkhu wa bambo anga. Nkhani za akuluakulu mukambirane nokhanokha. Ine ndikufuna galasi lilembe."

Anatuluka. Ndinatsala ndekha muofesi, nditaima ngati munthu amene basi yamusiya, maso ali pakhoma. Pamwamba pa mpando wa bwana panali chithunzi chija chimene chinkapezeka muofesi iliyonse, m'sitolo iliyonse, m'kalasi iliyonse. Chinkayenera kukhala pamwamba pa china chilichonse. Wotchi inali m'munsi mwake, kalendala m'munsi mwa wotchi. Ndinachiyang'ana, icho chinandiyang'ana. Sindinganene kuti ndinapeza nzeru. Mantha anga anangozindikira abale awo.

Ndinayamba ndi a Mekaniko. Kachipangizo ndinakabisa kumbuyo.

"Ambuje, sindinabwere kudzasintha kanthu. Ndangobwera kudzafunsa, kuti mawa ndisadzalakwitse. A tcheyamani adzayendera makina, ndipo nambala iyi adzaiona, poti imawala. Akadzafunsa kuti kodi nambala wani pano ndani, ndidzayankhe kuti ndinu?"

Anayang'ana kukhomo. Anayang'ana pawindo. Anavula kofiya, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, n'kuivalanso.

"Ndani wanena kuti ine ndi wani?"

"Palibe, ambuje."

"Chotsa. Chotsa pompano."

"Ndiike thu?"

"Thu!" Mawu anatsika mpaka ndinachita kuwerama kuti ndimve. "Mwanangu, ndinakulakwira chiyani? Wani ali ndi mwini wake. Thu alibe mwini, ndipo ukudziwa chifukwa chake alibe. Onse amene anthu ankawanena kuti ndi thu ali kuti lero?" Sanadikire yankho. "Manambala akowo amathera pati?"

"Pa 31."

"Undiike kumeneko. Kumapeto kwenikweni."

Ndinalemba lamulo, bokosi linavomera ndi zilembo ziwiri, kawindo kanawala 31. A Mekaniko anapuma mpweya wautali n'kunena mawu ena a Chiyao amene sanali oti ine ndimve.

Kwa amalume funso sindinalimalize n'komwe.

"Iwe, tsitsa mawu! Ukufuna kundiphetsa? Amathera pati manambalawo?"

"Pa 31, koma atenga kale a Mekaniko."

"Atenga kale! Nanga ine?"

"Pali 30."

"Ndiye ukundiika kutsogolo kwa iyeyo?"

"Amalume, Lolemba munkafuna kutsogolo."

"Lolemba linali Lolemba."

Anazungulira thirakitala kawiri, akudandaula kuti mwana wa mlongo wawo weniweni wawaika poonekera n'kubisa munthu wa ku Ulongwe. Koma dzuwa linali likutsika ndipo njinga inali imodzi. Anavomera 30, mwa dandaulo, n'kundiuza kuti ndidziwe kuti avomera mwa dandaulo.

Kunatsala kuuza kompyuta kuti isiye kuitana wani ndi thu, iziitana 30 ndi 31. Malo osinthira zimenezi ndinawasaka pafupifupi ola lathunthu, amayi a pa telefoni ataima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi, akundiuza kuti ndiwerenge tsamba lililonse mokweza. Nditakanikiza batani lomaliza, galasi linaphethira. Mzere woyamba unalemba kulemera kwa thirakitala. Mzere wachiwiri unalemba ziro, chifukwa panalibe belo limene linali litatsindidwa. Sindinaonepo ziro wokongola ngati ameneyo. Tinadikira. A Mekaniko anali m'chipinda chawo, magetsi akuyaka, ketulo ikulira, ndipo manambala sanasunthe.

Lachisanu alendo anafika leveni koloko itadutsa. Amayi anavina pageti, bwana anayankhula, wamkulu wa ku Blantyre anayankhula. Lole yoyamba inakwera pa sikelo ndipo nambala yake inatulukira pagalasi anthu onse akuona. Belo loyamba litagwa, ziro uja anasanduka wani, ndipo ndinaona amalume ndi a Mekaniko akuyang'anizana mwamantha, koma panalibe wina anaziganizira. A tcheyamani anawerama pagalasi, anafunsa ngati makinawa anagula khadi la chipani, anaseka, ndipo tonse tinaseka pambuyo pawo. Kumabokosi kuja sanapiteko n'komwe. Kunali fumbi, ndipo iwo anali atavala suti.

Amalume anakhalabe pa sikelo yawo ndi m'nyumba yawo mpaka anapuma patapita zaka ziwiri zija. Ine anandisunga pafakitalepo ngati wosamalira mabokosi, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kusamutsa soketi ya amayi a pa telefoni.

Madzulo a Lachisanu limenelo amalume anandipalasa kupita kwathu kuti ndikatenge zovala. Tinawoloka Rivirivi. Ndinkadikirabe mawu othokoza, ndipo ndinali nditakonza kale yankho lodzichepetsa.

"Mphwanga."

"Wawa, amalume."

"Buku lako lija silikunenapo za 32?"

"Iyayi, amalume. Limathera pa 31."

Anapalasa kanthawi.

"Ukaliwerengenso bwino. Paja iwe umadumpha masamba."